Shilingi ya pamchombo pa Simoni

Kulila kwa mwana wako umakudziwa. Kwa njala n'kwina, kwa tulo n'kwina. Kumene ndinamva Lachiwili lapitali, ndikutula mtsuko kuseli kwa nyumba, sikunali kwa njala kapena kwa tulo ayi. Kunali kosongoka, kodukaduka, ngati mwana amene walumidwa ndi linthumbwi.

Mtsuko ndinausiya utapendekeka, madzi akutayika.

Simoni wanga ali ndi miyezi inayi. Ndinali nditamusiya ali m'tulo pamphasa, mlongo wake Velonika, wa zaka zisanu ndi chimodzi, akumuyang'anila. Chitsime chathu chili pafupi, munthu ukhoza kupita ndi kubwela nyimbo imodzi isanathe. Ndikulowa m'nyumba, Velo palibe. Ndikumuvundukula mwana, pansalu pali timadontho ta magazi. Chingwe cha m'chiuno chadulidwa. Osati kuduka chokha ayi, kudulidwa bwinobwino ndi chinthu chakuthwa. Pambali pa mchombo pali kabala kotalika ngati njele ya mpunga. Shilingi imene inali pamchombopo palibe.

Inu amai anzanga mukudziwa za shilingi imeneyi. Simoni anabadwa ndi mchombo wotuluka, ndiye amai anga atabwela kuchoka ku Ndake kudzaona mdzukulu, anasoka shilingi m'kansanza n'kumumangila pamchombo kuti ubwelele mkati. Inali shilingi yakale, ya malemu atate anga, yomwe anabwela nayo kuchoka ku Halale ine ndisanabadwe.

Ndikuuzeni zoona zimene ndinaganiza, ngakhale mundiseke. Ndinaganiza za amunyama, aja anthu amati amagwila ana n'kukawapopa magazi. Lolemba madzulo lole ina inaima nthawi yaitali pamsewu waukulu, ndipo kuchitsime azimai sanakambe china. Ndiye ine kuona magazi, kuona chingwe chodulidwa, kuona Velo palibe, ndinangodziwa kuti afika. Ndinati mmodzi amuika chizindikilo, winayo amutenga kale.

Ndinabeleka Simoni osamanga bwino, ndi kuthamanga. Kuitana sindinathe, mau anakana kutuluka. Ndinayang'ana kunkhokwe, kukhola, kudzala, kenako ndinaona timapazi pafumbi tikulowela njila ya kunyumba kwa apongozi anga.

Ndinamupeza pa mtengo wa msolo, akuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wosenza madzi odzaza. M'dzanja lamanja muli kalezala ka atate ake, kamene anakasomeka kudenga popita kuntchito ku migodi. Tsaya lamanzele latupa.

Apa ndi pamene ndimathokoza Mulungu kuti mau anali atandithawa. Ndikadakuwa, mwana akadadzidzimuka, ndipo mukudziwa kumene chinthu cha m'kamwa chimapita mwana akadzidzimuka. Ndinagwada patsogolo pake n'kutambasula dzanja ngati wopempha mchele.

"Velo, mama, tandionetsako."

Anapukusa mutu.

"Sindikumenya. Lavulila apa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyesa ngati ndikunama. Kenako anawelama, shilingi n'kugwela m'dzanja langa, yofunda, ya malovu okhaokha.

"Ni ya ambuya," anatelo. "Ili na mfumu ya ndevu. Anipatsa switi."

Amunyama anga anali amenewa. Zaka zisanu ndi chimodzi, mano awili akutsogolo palibe.

Tsopano ndikuuzeni za ambuya akewo, apongozi anga aamuna. Dzina lawo sindilemba, pakuti ngakhale pakamwa panga silinatulukepo. Anali khuki wa mzungu wina ku boma ku Petauke zaka zambili, ndipo kumeneko ndi kumene anatenga nthenda yawo. Ena amapuma ntchito atatenga nthenda ya mowa, ena ya akazi. Iwo anatenga ya ndalama zakale.

Musaganize kuti ndi olemela. Malaya awo a pa Sabata ali ndi chigamba pa chigongono. Koma ali ndi chitini cha mabisiketi, ndipo m'menemo muli matiki, masikisi ndi mashilingi akale, iliyonse yokulungidwa m'kansalu kakekake ngati khanda. Sagulila kanthu. Chaka cha njala anadya mango owilitsa pamodzi ndi ife tonse, chitini chili chitsekele.

Amati ndalama zakale zinali za siliva weniweni, koma izi za Chitaganya, za mutu wa Mfumukazi, n'zitsulo chabe zovala bwino. Ukakana amakuyesela. Amatenga yakale n'kuigwetsa pamwala wa mphelo, imati ngwiii, mau aatali ngati kabelu ka ku Misa. Amatenga yatsopano, imangoti thapu. Ndiye amatukula chala n'kunena kuti, "Mwamva? Iyi ikuimba, iyi ikutsokomola."

Pali imodzi imene sanaigwetsepo. Ili m'kabokosi kakekake, ndipo imawala ngati kalilole, moti ukhoza kuonamo diso lako. Mzungu wawo uja anawapatsa pobwelela kwawo. Akuti zotele anazisula zowelengeka chabe, pamene ndalama za dziko la kumwela zinkayamba kumene, ndipo anazisula kuti anthu azingoziona, osati kugulila. Sinalowepo m'sitolo, sinagonepo pa mfundo ya chitenje. Iwo eni ake amaigwila m'mbali ndi kansalu, atatseka pakamwa kuti mpweya usaidetse. Ine ndinaionapo kamodzi, chapatali, ndikusesa.

Sabata lililonse tikachoka ku chalichi ku Minga, adzukulu onse amawazungulila pakhonde, chitini n'kutsegulidwa. Amawaonetsa mfumu ya ndevu yovala chisoti, mbalame ya pamwala, nkhwangwa ziwili zopingasa, timikondo titatu ta pa tiki. Velo sadziwa kulemba dzina lake, koma mafumu a pandalama amawadziwa ngati amalume ake. Iwo amamutcha mkazi wawo wamng'ono, iye amawatcha mwamuna waulesi wosagula chitenje, ndipo amalalatilana mpaka tonse nthiti kuwawa.

Ndimawakonda bambo amenewa, ndipo ndilembe poyela. Velo atadwala malungo ali ndi zaka ziwili, mvula ikugwa, atate ake ali kutali, ndi iwo amene anamunyamula paphewa mpaka kuchipatala, ine ndikutsatila pambuyo ndikulila. Nsapato zawo zinathela paulendo umenewo. Sanatchulepo.

Koma Sabata lapitalo anauza adzukulu mau awa, ine ndikumva ndekha: "Aliyense wondipezela mfumu ya ndevu, switi wake ali m'thumba muno." Ndinamva, ndipo ndinaseka nawo. Velo amandithandiza kusambitsa mlongo wake, amaona ndikamasula kansanza kuti ndikachape. Anali ataiona kale mfumuyo.

Tsoka silinunkha.

Simoni ndinapita naye kuchipatala tsiku lomwelo. Anesi anatsuka kabala, anapaka mankhwala ofiila, n'kunena kuti kangokhudza khungu. Ananenanso kuti mchombo wotele nthawi zambili umabwelela wokha mwana akamakula, ndalama kaya ilipo kaya palibe. Ndinangoti inde. Amai anga ndidzawauza ndikadzapeza mphamvu. Pobwelela ndinkangoyesa ndi chala pamimba panga, kuchoka pamene panali kabala kufika pakati pa mchombo. Chala chimodzi chokha. Mwana akadagwedezeka, akadayetsemula, lelo ndikadalemba nkhani yanji?

Velo sindinamumenye. Ndimumenyelanji? Iye anamva munthu wamkulu amene amamukonda akupempha chinthu, anadziwa pamene chili, anatenga chida chimene amaona ife tikudulila zingwe. Ananditsimikizila kuti anadula mosamala, ndipo Simoni ndiye analakwa poponda mwendo.

Kodi si mmene timachitila tonse? Timaponya mau pamwamba pa mitu ya ana ngati tikuponyela nkhuku madeya, n'kuiwala kuti amatola lililonse. Ife tikati tikuseka, iwo alemba kale mumtima. Malezala timasomeka kudenga poti mwana safika, ngati kuti mtondo sungagubuduzidwe n'kukwelapo. Timawatuma kusitolo kukagula palafini atavala kamalaya kopanda thumba. Mumaganiza kuti tiki amainyamulila kuti? Mawa mukaime pakhomo pa sitolo, muyang'ane masaya a ana. Mudzabwela kudzandiuza.

Ndiye timaopa lole yoima pamsewu. Ine ndine woyamba kuiopa, ndipo sindinasiye. Koma chimene chinatsala pang'ono kunditengela ana awili tsiku limodzi sichinabwele pa lole. Chinali kudenga kwanga, pamimba pa mwana wanga, ndi m'nthabwala za munthu wabwino.

Zina ndinakonza ndekha msanga. Kalezala ndinakatsekela m'sutukesi, kiyi ili m'khosi mwanga. Pa madelesi onse awili a Velo ndinasokapo kathumba ka batani. Koma chachikulu chinatsala. Switi uja anali akadali m'thumba la ambuya, ndipo m'mudzi muno adzukulu awo ndi ambili, makanda omangidwa ndalama pamchombo aliponso ena awili. Velo anali atauza kale anzake onse kuti mfumu ya ndevu imakhala pati.

Panafunika wina akawauze kuti asiye. Wina wake ndani?

Inu a kwathu kuno mukudziwa vuto langa. Chilowele m'banja limeneli zaka zisanu ndi ziwili, sindinawayang'anepo kumaso apongozi anga. Tikakumana panjila ndimapatuka n'kugwada m'udzu. Madzi ndimawaikila pansi, osati m'manja. Ndikakhala ndi mau, amanyamula ndi alamu anga, mlongo wa amuna anga. Koma alamu anali ku malilo ku Msanzala, apongozi aakazi anatisiya kale, ndipo kalata yopita ku migodi ndi kubwela kwake ndi mwezi. Sabata linali litatsala masiku atatu.

Mwambo umenewu sindiuda ayi. Umasunga mtendele. Anthu amene sayang'anana kumaso satukwanananso. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Lachinayi masana ndinatenga beseni, sopo ndi Simoni, n'kukakhala pambali pa nkhokwe yawo, msana nditaulozetsa kukhonde kumene iwo anakhala akupukuta ndalama zawo. Munthu sangakuletse kusambitsa mwana, ndipo sangakuletse kucheza ndi mwana wako. Ndinakweza mau pang'ono.

"Simoni, bambo wanga, ona kabala aka. Wakucheka ndani? Mlongo wako? Amafuna chiyani pamimba pako? Ati mfumu ya ndevu? Wamutuma ndani kodi?"

Kumbuyo kwanga kansalu kanasiya kupukuta. Kenako ndinamva kukhosomola.

"Simoni, mnzanga wolanda akazi," anatelo apongozi, "uwauze amai ako kuti nkhaniyo ndaimva. Mkazi wanga wamng'ono anabwela mailo, Lachitatu, kudzandisumila kuti amai ako amulanda katundu wake panjila."

"Simoni, uwauze ambuya kuti katunduyo anali m'kamwa. Shilingi yathunthu."

"Uwauze kuti ifenso tinakula tikunyamula m'kamwa, ndipo tili pano. Kabalako ndi katemela, mnzanga. Mwamuna amayamba msanga." Anaseka pang'ono, kenako mau awo anatsika, ngati munthu wofunsa za mtsikana amene wamuona kuchitsime. "Koma tandiuza, Simoni. Mfumuyo yavala chisoti? Kuseli kuli mbalame? Zilembo zikuoneka, kapena zinafufutika?"

Anthu inu, ndinafuna kuseka ndi kulila nthawi imodzi. Munthu wamkulu, mdzukulu ali ndi bala, iye mtima uli pa chisoti cha mfumu. Sanali kuchita nkhanza. Anali asanaone. Kuchoka pakhonde kufika pankhokwe, kabala ka njele ya mpunga sikaoneka, ndipo mau odzela mwa khanda amafika atazilala ngati nthabwala.

Ndinayesanso kamodzi.

"Simoni, uwauze kuti kwa amake Losa kuli khanda, kwa amake Petulo kulinso khanda. Uwauze kuti ana onse amva za switi."

"Uwauze amai ako asade nkhawa. Ndiwauza anawo kuti azipempha kaye."

Azipempha kaye. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, switi ali patsogolo, akapemphe kaye.

Sindikudziwa chimene chinandinyamula. Ndinangopezeka ndamutulutsa Simoni m'madzi, ndatembenuka, ndikuyenda ndi maondo pafumbi mpaka pakhonde. Ndinamugoneka pamiyendo pawo, wonyowa, pamwamba pa tinsalu ta ndalama. Ndinagwila chala chawo, ine, ndi dzanja langali, n'kuchiika pa kabala, kenako pamchombo. Ndipo ndinakweza maso.

Ali ndi kachipsela pamwamba pa diso lamanzele. Zaka zisanu ndi ziwili, sindinkadziwa.

"Atata," ndinatelo, "musatumenso ana. Ndapota nanu."

Iwo anayang'ana ine, anayang'ana chala chawo pamene chinali. Anachisuntha kuchoka pabala kufika pamchombo, kubwelela, kupitanso, monga ndinachitila ine panjila ya kuchipatala. Simoni anawagwila ndevu n'kukoka, iwo osamva.

"Pafupi chonchi," anatelo.

Ndinamasula mfundo ya chitenje, n'kuika shilingi ya atate anga pansi pafupi ndi phazi lawo.

"Iyi isungeni ndinu. Pathupi pa mwana wanga sipadzakhalanso chinthu chimene wina akuchifuna."

Sanaitole. Munthu amene amatha kuyenda mpaka ku Nyimba chifukwa wamva kuti kusitolo ina kwaoneka sikisi yakale, anaisiya pafumbi osaiyang'ana. Anakulunga Simoni ndi malaya awo, n'kuyamba kumuuza kuti, "Uwauze amai ako..." Anaima pamenepo. Kenako anati, "Amake Velo, ndamva."

Madzulo ake anayenda khomo ndi khomo ndi ndodo yawo. Anaitana adzukulu onse, anawagawila maswiti onse a m'thumba popanda wobweletsa kanthu, n'kulengeza kuti sitolo ya mfumu ya ndevu yatsekedwa, ndipo wobwela ndi ndalama adzalandila khutu lopotokola. Velo anadandaula kuti iye anagwila ntchito, ayenela awili. Anamuyankha kuti mkazi wocheka alamu a mwamuna wake ayenela kubwezedwa kwawo. Mlanduwo sunathe mpaka lelo.

Nkhani inafika kuchitsime ine ndisanafike. Ena akuti ndine wopanda mwambo, sukulu inandiononga, ndipo amuna anga akamva adzandibweza ku Ndake. Mwina adzakwiyadi, kalata ndalemba ndekha kuti asamve kwa ena. Mailo ndinatumiza nkhuku yopepesela kudzela mwa alamu, amene abwela tsopano ndipo akungogwila pakamwa. Nkhukuyo inalandilidwa. Lelo m'mawa tinakumana panjila ndi apongozi, ndinapatuka n'kugwada m'udzu monga kale, iwo anadutsa akuyang'ana kumbali monga kale. Atapitilila pang'ono anafunsa mtengo wa msolo ngati bala likuuma. Ndinauza mtengowo kuti likuuma.

Ndinabwelela m'udzu mwanga, ndipo ndikhalamo mosangalala mpaka ukalamba. Koma ndinatulukamo kamodzi, masana, anthu akuona. Inu amene mukundinena kuchitsime, mwana akadakhala wanu, mukadauza khanda kangati musanatembenuke?